Windows 11: walira mvula walira matope

Funso la Windows 11 landichulukira, ndiye ndingoyankha pagulu.

Ubwino ulipo, tisanamizane. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo ku Windows 10, kupatula kwa olembetsa mwapadera. Kompyuta imayakabe, koma ili ngati bwato lomwe palibe akulimata phula. Ife timalowetsamo mamemori a mudzi wonse poika nyimbo, ndiye mavairasi sachedwa.

Koma Windows 11 ndi yamatama. Imafuna RAM ya 4GB, malo a 64GB ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, komwe malaputopu ambiri a kaunjika alibe. Kudawuniloda kumadya bandulo yoposa 5GB, pa netiweki yathu yokwerera pachulu ija.

Ine ndinakakamiza yanga. Batire linathera pakati pa ntchito, fayilo ya ngongole za matemba a bambo n'kupita. Madala sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga amayi a ku Liwonde aja tiwauza atipatse zingati?" Mpaka lero sitikudziwa.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati makina anu akukwanitsa, isintheni, koma yambani mwasunga mafayilo pa fulashi, batire litadzaza. Ngati sakukwanitsa, osakakamiza. Yesani Linux Mint: ndi yaulere, ndipo imayenda bwino pa makina akale. Bwato la pa Chilwa salimangirira injini ya Ilala.

Tumizirani anzanu asanalire ngati ine.