Wasiya mowa kapena wangosintha botolo?

Anzanga a kunyanja amene muli mu Blantyre muno, uwu muwatumizirenso ena.

Ndatopa nawo anyamata a ku Limbe ndi ku Ndirande onena kuti "ine mowa ndinasiya," chonsecho m'thumba muli mankhwala a chifuwa a codeine osakaniza ndi Sprite. Aise, palibe chomwe wasiya. Codeine ndi m'bale wake wa morphine: amakugoneka, amachedwetsa kupuma, ndipo ukamuzolowera sakutaya.

Ife ana a asodzi timadziwa kuti thupi limatha kuledzera lokha. Amene anakokapo chilimira usiku wonse, nyali zikuyaka, usipa ukudzadza bwato, akudziwa zimene zimachitika m'bandakucha: mutu wapepuka, nonse mukungoseka zopanda pake. Thupi likagwira ntchito yathukuta limatulutsa ma endorphin, ndiye kachasu wake ameneyo, waulere.

Kuno nyanja kulibe, koma mapiri alipo. Kwera Soche kapena Michiru Loweruka m'mawa, utsike miyendo ikunjenjemera, ugule thobwa lozizira. Apo ayi, pita ku Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma, ukayimbe mpaka mawu asase. Ndiye ubwere undiuze ngati sunaledzere.