Asungwana Aziwaona Amayi a Sayansi ndi Maso

Amene amasankha mbewu yosunga, napalira munda, nadziwanso nyemba zofewa msanga pamoto, kawirikawiri ndi mayi. Komabe pakati pa akatswiri ofufuza zaulimi m'maiko a chigawo chino, amayi akadali ochepa.

Vutoli limayambira kusekondale, kumene asungwana ambiri amataya mtima pa masamu ndi sayansi, poti sanaonepo mkazi amene maphunzirowa anam'pindulira. Chikhalirecho zitsanzo zilipo. Dr Maria Andrade, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, analandira nawo mphotho ya World Food Prize mu 2016 chifukwa cha mbatata yofiira m'kati, yokhala ndi vitamini A. Bungwe la AWARD, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008, limapezera wofufuza wachizimayi mlangizi, ndipo iyenso amalangiza wina wamng'ono.

Koma m'mera mpoyamba. Uphungu woyambira kuyunivesite umapeza ambiri atapatuka kale. Nchifukwa chake malo a kafukufuku monga Chitedze, Mount Makulu ndi Matopos ayenera kumaitana asungwana a sukulu zoyandikana nawo pa masiku a chionetsero, kuti aone mayi akuyesa dothi kapena kukwatitsa chimanga, namufunsa mafunso.

Ena amati zimenezi zimadya nthawi ya kafukufuku. Zoona, zimadyadi. Choncho akuluakulu aziiwerengera ntchitoyi pokweza anthu pa maudindo, naipatsa galimoto ndi ndalama, kuti isakhale mtolo wa amayi ochepa omwe alipowo.