Pomanga Khitchini, Yambani ndi Njira ya Utsi

Mvula ikatha, njerwa zikapsa, mabanja ambiri kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, amayamba kumanga. Amakambirana ndi mmisiri za malata, simenti ndi zitseko, koma za komwe utsi uzidzatulukira zimabwera mochedwa, uvuni wa njerwa kapena mbaula yomangira kukhoma itauma kale. Pamenepo kuboola khoma kumadya ndalama, ndipo ambiri amangozisiya.

Nkhaniyi si ya mwaye wodetsa denga chabe. Bungwe la WHO linayerekeza kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba. Amene amaupuma kwambiri ndi mayi amene ali pamoto ndi mwana ali kumsana kwake. Makala nawonso, ngakhale safuka kwambiri, amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo m'chipinda chotseka umapha.

Mwina tinganene kuti mbaula yamakono ndi yokwanira. Kafukufuku wa CAPS, yemwe anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, anapeza kuti mbaula zotulutsa utsi wochepa pazokha sizinachepetse chibayo mwa ana osafika zaka 5. Chitetezo mbaula imapulumutsadi nkhuni, koma utsi wotsalawo ufunikabe potulukira.

Choncho tiuze mmisiri zinthu izi khoma lisanakwere. Chumuni chiyambire pa uvuni penipeni, chikwere molunjika, chipitirire msonga ya denga ndi masentimita pafupifupi 60, ndipo chikhale ndi kachipewa kotchinga mvula. Chisakhudze phaso kapena udzu. Pakhale mabowo a mpweya m'munsi mwa khoma ndi ena m'mwamba, pakuti utsi sutuluka ngati mpweya wabwino sukulowa. Mabowowo tiwaike sefa chifukwa cha udzudzu wa kunyanja kuno.

Tikumbukirenso mwera, umene umaomba mwamphamvu kuchokera kum'mwera m'miyezi yozizira. Chumuni chachifupi chimabweza utsi m'nyumba mphepoyi ikafika, ndipo ndi nthawi yomweyo imene timakonda kutseka mawindo. Mabowo a m'mwamba akhale kumbali ya kumpoto kuti mwera uzikankhira utsi kunja.

Amene akuika uvuni wamagetsi m'kabati asiye mpata umene buku la uvuniwo likunena, kuti kutentha kuzituluka. Wa gasi usaikidwe m'khitchini yopanda zenera.

Lachisanu, pamene tikuphikiratu chakudya cha Sabata, moto umayaka maola ambiri. Sabata ino, moto uli mkati, taimani pakhomo la khitchini muone komwe utsi ukulowera. Ngati maso akuwawa, itanani mmisiri mwezi usanathe.