Ayi, ndalama ya pakhadi ikalowa sikuti yakhazikika

M'magulu a WhatsApp a anthu ochita malonda pa intaneti mukuzungulira uthenga woti wogula wakunja akangolipira ndi khadi kapena pa PayPal, ndalamayo ndi yanu basi, ndipo chikavuta kampaniyo ikutetezani. Limeneli ndi bodza, ndipo likuluzitsa anthu omwe amatumiza ziboliboli, zitenje ndi zojambulajambula ku Ulaya ndi ku America. Chotikhumudwitsa n'choti ambiri akungoutumiza uthengawu kwa anzawo osafunsa n'komwe kuti waulemba ndani.

Mwina n'chifukwa tinazolowera Airtel Money ndi Mpamba, komwe ndalama ikafika timangoti yafika. Khadi la kubanki lili ndi malamulo ena. Visa ndi Mastercard zimapatsa mwini khadi nthawi, kawirikawiri masiku 120, yokadandaula kubanki yake kuti katundu sanafike, sali monga anamulonjezera, kapena kuti amene anagwiritsa ntchito khadilo si iye. Banki imatenganso ndalamayo kwa wogulitsa, zomwe amalonda amati chargeback. Pa PayPal, wogula ali ndi masiku 180 oti anene kuti katundu sanamulandire. Inu mudzakhala mutalipira kale fizi ya mwana ndi ndalamayo.

Njira ya chargeback imeneyi anaikonza pofuna kuteteza wogula. Ku America inayambira pa lamulo la Fair Credit Billing Act la 1974, ndipo wogulitsa sanali pamtima pa olilembawo. Mpaka lero, nkhani ya chargeback imaweruzidwa ndi banki yomwe inapereka khadi kwa wogulayo, yemwe ndi kasitomala wake. PayPal imangopititsa umboni wanu kumeneko.

Nanga chitetezo chotchuka cha PayPal chija, Seller Protection? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimagwira ntchito pa madandaulo awiri okha: loti katundu sanafike ndi loti mwini ndalama sanavomereze kulipirako. Dandaulo loti katundu wafika koma ndi wosiyana kwambiri ndi yemwe anamuona pachithunzi silili m'gululo. Apa ndi pomwe pagona ngozi. Kathyali wodziwa malamulo sanganame kuti sanalandire kanthu. Angoti chiboliboli chafika chong'aluka, kapena chitenje si cha mtundu womwe anaitanitsa. Iye akhoza kutsala ndi katundu, ndalama yake n'kumubwerera, inu n'kuluza katundu, ndalama yotumizira, mwinanso n'kulipitsidwa chindapusa cha mlanduwo. Kodi mungayambe ulendo wokamusaka munthu ku Manchester chifukwa cha zitenje zinayi?

Ngakhale pa madandaulo awiri aja chitetezocho chili ndi zofunika zake. Katundu ayenera kupita ku adiresi yomwe yalembedwa pamalipiro, osati ina yomwe wogula wakutumizirani pambali, ndipo pamafunika umboni wa kampani yonyamula katundu woti anafikadi. Ndalama yotumizidwa pa PayPal ngati ya Friends and Family ilibe chitetezo. Chithunzi cha risiti chomwe wogula wakutumizirani pafoni si ndalama.

Sitikunena kuti musiye malonda ndi akunja, kapena kuti wogula aliyense wodandaula ndi wakuba. Alipo omwe khadi lawo linabedwadi. Tikunena kuti pa mlandu wotere chokupulumutsani ndi umboni basi. Jambulani katundu musanamutseke m'katoni, lembani bwino kukula ndi maonekedwe ake, tumizani kudzera pa kampani yopereka nambala yolondolera katundu, ndipo wodula azisainiridwa pofika. Sungani mauthenga onse. Ngati muli ndi sitolo yanuyanu pa intaneti, funsani okulandirirani ndalama ngati ali ndi njira yotsimikizira mwini khadi ya 3-D Secure, chifukwa nthawi zambiri imachotsa pamutu panu mlandu wa khadi lobedwa. Dandaulo likabwera, yankhani tsiku lomwe akupatsani lisanadutse, poti mukachedwa mwagonja.

Uthenga uja ukakupezani, musaupititse kwa wina. Werengani nokha malamulo a kampani yomwe imakulandirirani ndalama musanatumize katoni ina.