Akangaude a m'minda ya kachewere tiziwawerenga tokha

Mu 1977 katswiri wa ku Belgium, Rudy Jocqué, adalemba za kangaude wina wa kuno kwathu namutcha Pelecopsis malawiensis. Fuko la Pelecopsis adalikhazikitsa Eugène Simon wa ku France mu 1864, ndipo abale ake amapezeka ku Ulaya, ku Asia, ku North America ndi muno mu Africa. Onsewa ndi a banja lalikulu la Linyphiidae, la mitundu yoposa 4,000. Tambiri mwa timeneti sitikwana mamilimita atatu, moti mtundu wake umadziwika pokhapokha munthu atasuzumira pa maikulosikopu.

Wina anena kuti dziko la njala ngati lino lilibe nthawi yosewera ndi akangaude. Amene akutero sadayendepo m'munda wa kachewere ku Bembeke m'mamawa, nkhungu isanachoke. Maukonde ang'onoang'ono oyalidwa chafulati pakati pa mizere, olemedwa ndi mame, eni ake ndi a banja lomweli. Chakudya chawo china ndi nsabwe za m'masamba, zomwe zija zimasamutsa matenda opiringiza masamba a kachewere mpaka mbewu kulowa pansi. Mlimi akabereka sipuleya kumsana n'kuthira Cypermethrin, amapha nsabwe pamodzi ndi mlonda wosalipidwayo. Nsabwe zimaswana msanga, ndiye zimayamba ndi izo kubwerera. Mlimi abwererenso kusitolo.

Mapu osonyeza kumene akangaude a mu Africa amakhala kwenikweni amangosonyeza kumene akatswiri achilendo adapondako. Åke Holm wa ku Sweden adakwera mapiri a kum'mawa kwa Africa, Jocqué adafika kuno, ndipo zambiri zotoledwa m'chigawo chino zili m'mabotolo ku Tervuren, ku Belgium. Sindikuwadzudzula ayi, adagwira ntchito imene ife tidainyalanyaza. Koma mpaka liti?

Bembeke ili ndi siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi. Koleji ya zankhalango ili pompano ku Chongoni, ndipo Bunda, sukulu ya LUANAR, si kutali. Msampha wogwirira akangaudewa ndi kapu ya pulasitiki yokwiriridwa mpaka m'milomo pakati pa mizere, basi. Ophunzira a LUANAR atchere makapuwo m'munda wopopera ndi wosapopera, pansi pa paini wa phiri la Dedza ndi m'tchire lachilengedwe, awerenge zogweramo, zotsatira azipereke kwa alangizi. Pamenepo mlangizi pouza mlimi tsiku lopopera adzakhala akudziwa chimene chikufa m'mundamo. Ndalama yogulira makapu ndi sipiriti wosungiramo siyofunika kudikira abwenzi akunja.