Khirisimasi yapita, chimwemwe chatsala ndi ndani?

Zithunzi za Khirisimasi zatsika pa sitetasi, bando yatha, ena mpaka foni aipinyolitsa kale. Tsopano ndi Januwale. Ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, uno ndi mwezi umene nkhokwe zimagona, chimanga cha m'munda chisanache, fizi ikufunika, wakatapila naye ali pakhomo. Wonena kuti zosangalatsa zapita sakunama. Koma kodi chimwemwe cha Mkhristu chimatha limodzi ndi kereti ya zakumwa?

Ife tikuti ayi. Pa 25 Disembala Akhristu amakumbukira Mulungu amene anadzipereka, n'kubadwa mwaumphawi chifukwa cha ena. Chimwemwe chochokera pamenepo chimakhalitsa mwa munthu amene nayenso waphunzira kudzipereka.

Umboni uli pafupi. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo mu 1927 panayamba chipatala cha odwala khate, nthawi imene odwalawa ankasalidwa ngakhale ndi abale awo. Lero palibe akukumbukira ndiwo zomwe zinadyedwa pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, koma mbiri ya amene ankatsuka mabala aja ikadalipo. Bambo Claude Boucher Chisale anachoka ku Canada, n'kuyambitsa Kungoni mu 1976, komwe amisiri ambiri osema ziboliboli apezera luso ndi chakudya. Pa Mua pomwepo palinso sukulu ya ana osamva.

Ku Mtakataka, Inkosi Theresa Kachindamoto anasiya ntchito ya muofesi ku Zomba atasankhidwa kukhala mfumu mu 2003. Anathetsa maukwati a ana oposa 850 n'kubweza anawo kusukulu, pena kuwalipirira fizi okha. Ena anawada, ena anawaopseza, koma sanabwerere m'mbuyo.

Mwina mukuti, "Amenewotu ndi akuluakulu, ine ndilibe kalikonse." Zoona, m'thumba mwauma. Komabe zosowa za Januwale si zonse zofuna mamiliyoni. Teremu yachiwiri yatsegulidwa, ndiye taonani pamudzi panu: ndi mtsikana uti sanabwerere m'kalasi? Funsani chifukwa chake lero, asanamupezere mwamuna. Ndalama ya bando ya sabata imodzi itha kumugulira makope ndi zolembera. Agogo amene denga lawo likudontha akufuna udzu ndi manja anu Loweruka limodzi basi. Ngati mwalemba munthu ganyu yopalira, mulipireni tsiku lomwelo, chifukwa ana ake akudikira ufa umenewo. Wodwala amene wagonekedwa pa chipatala cha Mua akusowa womuzonda.

Chenjezo ndi limodzi: musasandutse umphawi wa mnzanu chithunzi cha pa Facebook. Thandizo lofuna kuomberedwa m'manja limazirala msanga ngati phwando lomwe lija, ndipo limamuchotsera ulemu wolandirayo.

Izi sizikuchotsa udindo wa boma pa nkhani ya njala ndi maphunziro, ndipo pa zimenezo sitileka kulankhula. Koma mwana wogona ndi njala usiku uno sangadikire msonkhano wa khonsolo ku Dedza.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Sankhani munthu mmodzi mwezi uno, mumuyendere mpaka nthawi yokolola. Pofika Epulo mudzadziwa nokha ngati Khirisimasi yanu inathera pa 26 Disembala.