Za Bisiketi Wotchedwa Marie



Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Meyi, mwezi umene Eklezia adaupatula kuti tilemekeze Amai Maria, tidatsogolera mapemphero m'tchalitchi lina laling'ono la kumudzi, kumene ansembe safikako kawirikawiri. Fodya adali atayamba kugulidwa ku Chinkhoma, ndipo nkhope za anthu zidali zowala. Pa nthawi ya chopereka Akristu adadza ndi chimanga, mtedza, mazira ndi nkhuku imodzi. Pambuyo pa onse padadza agogo ena oyenda ndi ndodo, nagwada movutika, naika patsinde pa chithunzi cha Amai Maria paketi ya mabisiketi ozungulira aja otchedwa Marie. Titatuluka tidawafunsa bwino, ndipo iwo adati: "Aphunzitsi, mnyamata wa pa golosale adandiuza kuti amenewa ndi mabisiketi a Amai Maria, dzina lao lidalembedwa pomwepo. Ndarama ya mchere ndiyo ndidagulira."

Sitidaseke ai, pakuti chopereka chao chidachokera mumtima, ndipo Mulungu adachilandira monga adalandira tindarama tiwiri ta mkazi wamasiye uja. Koma mnyamatayo adanena zosaona, kaya mwadala kuti malonda ayende, kaya naye adangomva kwa anzake. Popeza tapeza kuti ambiri a inu mumaganiza chimodzimodzi, tayesa kuti nkwabwino kukusimbirani kumene dzinali lidachokera.

Pa 23 Januwale 1874, mumzinda wa St Petersburg m'dziko la Russia, mudachitika ukwati waukulu. Mkwati adali Alfred, mwana wamwamuna wachiwiri wa Mfumukazi Victoria wa ku Mangalande. Mkwatibwi adali Maria Alexandrovna, mwana wa Alexander II, mfumu ya Russia. Ku London kudali kampani yophika mabisiketi yotchedwa Peek Frean, imene idayamba m'chaka cha 1857. Eni ake, poona kuti dzina la mkwatibwiyo lili pakamwa pa anthu onse, adaphika bisiketi wozungulira, wopyapyala, wa maluwa m'mphepete, nadinda dzina lakuti Marie pakati pake. Ndiye mwini dzina ameneyo: mwana wa mfumu, wa mpingo wa Orthodox, amene sadapondepo dziko lathu lino.

Ngati wina akukayikabe, nayesa kuti ophikawo adali ndi mtima wa chipembedzo, amve ichi. Kampani yomweyo m'chaka cha 1861 idatulutsa bisiketi wina wa mphesa zouma mkati, nimutcha Garibaldi, dzina la mkulu wa nkhondo wa ku Italy amene adathira nkhondo maiko a Papa, nafuna kulanda Roma. Anthu a ku Mangalande adamkonda Garibaldi masiku amenewo, tsono dzina lake lidali lokoma pa malonda. Ng'anjo imodzi idaphika Garibaldi niphikanso Marie. Wamalonda safunsa ngati dzina lili loyera kapena ai. Afunsa kokha ngati anthu alikonda.

Mai wa ku Russia uja sadatsirize moyo wake mwaulemerero. Ufumu wa kwao udagwa m'chaka cha 1917, abale ake ambiri adaphedwa, chuma chake chambiri chidatayika, ndipo iye adamwalira ku Zurich m'chaka cha 1920. Fakitale ya Peek Frean ya ku Bermondsey, imene fungo lake linkadzaza dera lonselo la London, idatsekedwa m'chaka cha 1989. Koma bisiketiyo akadalipo, chifukwa dzinalo silidakhale la kampani imodzi. Aliyense wokhala ndi ng'anjo ndi chidindo adayamba kuphika Marie wake: ku India, ku Spain, ku Portugal, ku South Africa kumene kampani ya Bakers imagulitsa wake wa chizindikiro chobiriwira ngati thambo. Amene mudakhalako ku Tete kapena ku Angonia mudziwa kuti abale athu a ku Mozambique amamutcha bolacha Maria, ndipo m'maiko otere a Akatolika ambiri, kumene nyumba iliyonse ili ndi mwana wotchedwa Maria, dzinalo lidagulitsa koposa.

Kuseminale adatiphunzitsa kuti liu lakuti bisiketi lidachokera ku mau awiri a Chilatini, bis ndi coctus, ndiko kunena chophikidwa kawiri. Kalekale amalinyero ndi asilikali ankaphika mkate kawiri kuti madzi onse athemo, kuti usaole paulendo wautali. Nayenso Marie mphamvu yake ili pa kuuma. Muli ufa wa tirigu, shuga, ndi mafuta pang'ono. Timabowo tija mumationa sitili tokometsera chabe, ndi potulukira nthunzi kuti bisiketi asatupe m'ng'anjo. Pokhala wouma chotero akhoza kukhala miyezi m'sitolo osaonongeka, akhoza kuoloka nyanja, ndipo akamviika m'tiyi amamwa tiyiyo nafewa. Chigumu cha amai chikagona masiku atatu chayamba kusasa. Wamalonda sangachitumize kutali. Apa ndipo bisiketi adapambanira.

Kuno kwathu adafika pambuyo pa tiyi. Tiyi adabzalidwa koyamba ku Blantyre Mission m'chaka cha 1878, ndipo pofika 1891 adayamba kulimidwa ku Mulanje, koma kwa zaka zambiri adali chakumwa cha Azungu ndi cha anthu a pa mishoni. Mabisiketi ankabwera m'zitini zokongola za zithunzi, nagulitsidwa m'masitolo a Mandala ndi a Amwenye. Agogo athu amene adapita ku Joni ndi ku Salisbury adabwerako ndi ketulo, makapu ndi mwambo wakumwa tiyi ndi kanthu kotafuna. Chitini chikatha sankachitaya, chinkasanduka mosungira singano, makalata ndi Korona. M'chaka cha 1957 kampani ya Universal Industries idayamba kuphika mabisiketi ku Blantyre, ndipo pang'ono ndi pang'ono chakudya cha bwana chidatsika kufikira pa benchi la okala wa m'mudzi. Komabe tirigu wambiri amene aphikira amachokera kunja kwa dziko lino, kotero kuti kwacha ikatsika mphamvu, paketi imakwera mtengo kapena imachepa, pamene mbatata ya kudimba ikhala monga idaliri.

Tsono onani nzeru za ogulitsa a masiku ano. Adziwa kuti ife tilibe ndarama ya paketi yaikulu, ndiye adaidula kukhala timapaketi ta mabisiketi owerengeka, kuti munthu asamve kuwawa polipira. Koma mukaphatikiza timapaketi ta mwezi wathunthu mudzaona kuti mwalipira zoposa. Pa golosale amatipachika munsi, polingana ndi maso a mwana, osati a kholo. Chenji chikasowa amati, "Ingotengani bisiketi." Pamapepala ena amajambulapo mwana wonenepa wa masaya osalala, nalembapo liu lakuti glucose, limene limveka ngati mankhwala a kuchipatala, chikhalirecho ndi mtundu wa shuga basi. Ndipo adziwa kalendala yathu kuposa ife eni: msika wa fodya ukatsegulidwa, mabenchi amadzaza kuyambira pa Kasungu boma, pa Chinkhoma, pa Santhe mpaka pa Nkhamenya, ndi anyamata othamangira mazenera a basi. Mu Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, simuwaona ochuluka chotero. Sitinena kuti kugulitsa ndi tchimo. Anyamatawo nawo afuna kudya, ndipo ambiri ndi ana athu omwe. Tingofuna kuti wogula adziwe kuti maso ake akusakidwa.

Chimene chitivuta ife kwenikweni ndi ana. M'kalasi la okonzekera Ukaristia woyamba timaona ana ena akuodzera dzuwa lisanakwere, ndipo tikawafunsa chimene adadya m'mawa amati, "Tiyi ndi bisiketi," akunena monyada, pamene mnzao wodya phala lothira nsinjiro aweramitsa mutu ngati wachita cholakwa. Koma wa phalayo ndiye amatsiriza phunziro ali maso. Bisiketi amanyenga m'kamwa, m'mimba sakhalitsa. Amai, mukumbuke kuti phala lija la chimanga ndi soya limene lapulumutsa ana osawerengeka m'dziko lino lidatenga dzina lake ku chipatala cha mishoni yathu ya Likuni, ndipo zonse zopangira mumalima nokha: chimanga, soya, mtedza. Nchomvetsa chisoni kuona mai akugulitsa mbale ya mtedza kwa vendala pa mtengo wolira, kuti agule kapaketi kamene mwana atha asanafike pa mjigo.

Pali chinanso chimene tiyenera kunena poyera. Ana amakonda kusewera Misa, wina avale chitenje ngati wansembe, anzake agwade, ndipo popeza Marie ndi wozungulira ndiye amene amagawirana. Musawamenye, ansembe ambiri adayambira pa masewera otere. Koma akatha muwakhazike pansi, muwauze kusiyana kwake. Mkate wa pa Misa ndi wa ufa wa tirigu ndi madzi okha, wopanda shuga, wopanda chotupitsa, ndipo wansembe akanena mau a Ambuye sukhalanso mkate ai, koma Thupi la Kristu. Muwakumbutsenso lamulo la Eklezia lakuti wolandira asale chakudya ndi chakumwa ora limodzi asanalandire, kupatula madzi ndi mankhwala. Khanda lolira mukhoza kulitonthoza ndi bisiketi kunja kwa tchalitchi. Koma mwana amene adalandira kale Ukaristia asalowe pamzere nyenyeswa zili pamilomo.

Za alendo tingonena pang'ono. Makolo adati mlendo ndi mame, ndipo nkwabwino kumsangalatsa asanakamuke. Ngati fodya wayenda bwino, ngongole ya feteleza yabwezedwa, chimanga cha chaka chilipo ndi fizi ya ana yalipidwa, gulani Marie, muviike m'tiyi pamodzi ndi mlendo wanu, muyamike Mulungu. Ifenso timamkonda, sitibisa. Koma tatopa ndi kufika pakhomo la Mkristu ndi kuona mwana akutumidwa mobisa kuseri kwa nyumba kukakongola paketi ku golosale chifukwa aphunzitsi abwera, pamene mbatata yootcha ili paphulusa, chinangwa chili mumphika. Ngongole imeneyo ife sitiifuna. Tipatseni mbatatayo.

Agogo aja tidawayendera Lachitatu lotsatira, titanyamula kapaketi ka mchere kochokera ku bungwe la amai, ndipo tidawasimbira zonsezi: za ukwati wa ku St Petersburg, za Garibaldi, za imfa ya ku Zurich. Tidawauzanso kuti mabisiketi ao adaperekedwa kwa odwala awiri a m'mphakati mwao, mmodzi wa iwo mkulu amene nsima idayamba kumkanika kumeza, koma Marie woviika m'tiyi adatha kudya. Adakhala chete nthawi, akupukusa mutu. Pambuyo pake adafunsa ngati mai wa ku Russiayo adali wobatizidwa. Tidati inde. Adati: "Ndiye kuti ndi mnzanga wa dzina, pakuti nanenso ndine Maria. Adafera kwa eni, kaya alipo womkumbukira. Mundilembere dzina lakelo papepala, adzukulu azindiwerengera, ndizimtchula pa Korona wa madzulo."

Tidawalembera.